Kalata ya Pamwamba pa Khoma

Nkhani iyi sindinayambe ndaifotokozapo kwa munthu kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto. A m'nyumba mwanga anaona chidutswa chake ndi maso, koma pakamwa panga sipanatulukepo zonse. Ndasankha kuilemba chifukwa kulemba ndinakuphunzira ndili ndi imvi kale, ndipo ndaona kuti dzanja langa lilibe manyazi ambiri ngati lilime.

Zinayamba ndi mwana wanga wamkazi, wotsiriza kubadwa, m'zaka zija mafoni am'manja atangofala, anthu akuwakoleka m'khosi ngati zithumwa. Iye ankagwira ntchito pa ofesi ina m'tauni. Anapeza mnyamata wa kumayadi womufunsira, ndipo tinagwirizana kuti chinkhoswe chidzachitikire pakhomo pathu ku Area 23. Loweruka lina mwanayo anaima pabalaza, manja m'chiuno, n'kumayang'ana nyumba imene anabadwiramo monga mmene wogula amayang'anira mbuzi ya mphere pamsika.

"Adadi, anthu aja sangalowe muno muli chonchi."

"Muli bwanji?"

"Muli lokolo, adadi. Lokolo zedi."

Njerwa za nyumba imeneyo ndinaumba ndekha. Ndinachoka kwathu ku Chiradzulu nthawi imene likulu linkamangidwa, ndinasenza simenti wa anthu ena mpaka msana unapindika, ndipo ndikaweruka ndinkaponda dothi la nyumba yangayanga. Lero mwana amene anakwawira m'nyumba momwemo akuti muli lokolo. Ndinayang'ana amayi ake kuti andithandize. Iwo anali akuyang'ana pansi, akumwetulira. Ndinazindikira kuti mlandu unazengedwa kale kukhitchini, ine ndaitanidwa kudzamva chigamulo.

Koma panali chinthu chimodzi chimene penti sakanakonza. Kwathu mwana wamkazi akamakwatiwa, womuimira ndi malume wake, mlongo wa mayi ake. Bambo amangokhala pambali ngati mlendo. Mwana wanga malume anali naye, wamoyo, ku Area 25, ulendo wa minibasi ziwiri basi. Koma alamu angawo anali asanaponde pakhomo panga kwa zaka zoposa makumi awiri, ndipo iwo ndi mlongo wawo, amene ndi mkazi wanga, ankangopatsana moni wa pamaliro. Tinali titapangana zobwereka mkulu wa mpingo kuti adzakhale ngati nkhoswe. Mwanayo sankadandaula poyera, koma tsiku lina ndinamumva akufunsa amayi ake kuti, "Ndiye akadzafunsa kuti malume ali kuti, tidzati anamwalira?" Amene anayambitsa udani umenewo ndi ine. Odziwa zimenezo tinali awiri, ine ndi alamuwo, ndipo iwo panalibe amene ankawakhulupirira.

Ndibwererakonso kumeneko. Ndiyambe ndanena za nyumba.

Woyamba kuthamangitsidwa anali laimu. Chaka chilichonse Khirisimasi ikayandikira ndinkapaka laimu makoma onse, nyumba n'kuwala ngati chipatala. Mwana anati laimu amadetsa majekete a alendo. Anabweretsa penti wa mtundu umene ankautcha kirimu. Ine ndinkangoona phala la soya. Makalendala anga akale, amene ndinkawasunga pakhoma chifukwa cha zithunzi zake, anawazula onse tsiku limodzi n'kukolezera mbaula.

Kenaka pansi. Amayi ake anakhala zaka zonsezo akupaka polishi wofiira ndi kupukuta ndi burashi kuphazi, mpaka munthu ankadziona nkhope pasimenti. Anansi ankabwera kudzafunsa kuti amachita bwanji. Zonsezo zinaphimbidwa ndi matailosi oyera, oterera ngati mlamba. Tsiku lachiwiri ndinalowa ndi mapatapata onyowa, kapu ya tiyi m'manja, ndipo ndinangopezeka ndili chagada ndikuwerenga malata. Palibe amene anafunsa za chiuno changa. Mwana anathamanga ndi kansanza kudzapukuta tiyi kuti angathimbirire m'mizere.

Masofa anachokera kwa amisiri a ku Mchesi. Anali aakulu moti sanakwane pakhomo. Ine ndinati abwezeni, akabweretse ang'onoang'ono. Iwo anazula felemu ya chitseko. Atalowa, pabalaza panadzaza, moti pochoka pakhomo kupita kuchipinda munthu ankayenda chammbali ngati nkhanu. Ndipo masofawo sanali okhalira. Anawakuta pulasitiki kudikira tsiku la chinkhoswe. Mpando wanga wandalema, umene unkadziwa msana wanga kuposa dokotala aliyense, anautulutsira pakhonde. Patatha masiku awiri anati pakhonde ndi pamene alendo amayambira kuona, ndiye unapitirira ulendo mpaka kuseri, pansi pa mpapaya, pafupi ndi thandala la mbale.

Panabwera makatani ochokera kudenga kufika pansi, ophimba kazenera kakang'ono ngati chivundikiro cha ndowa. Panabwera kabati yagalasi yodzaza mbale zosadyera ndi makapu osamwera. Panabwera maluwa apulasitiki, m'nyumba imene pakhomo pake maluwa enieni ankamera okha. Tebulo langa lamatabwa analipereka kwa mayi wina woyandikana nafe kuti azigulitsirapo tomato, m'malo mwake munalowa katebulo kagalasi kolekezera m'maondo, koti ukaikapo kapu mtima umagunda.

"Zonsezi wazionera kuti iwe?" ndinamufunsa.

"M'mafilimu a ku Nigeria, adadi. Ndi mmene anthu akukhalira masiku ano."

"Anthu ake a m'filimuwo chimbudzi chawo chilinso kuseri, chokumba?"

"Chimbudzi tipaka penti."

Anachipakadi. Kirimu.

Zonsezi ndinkalalata, koma ndinkalola. Pamene ndinaima nji ndi pa siling'i.

"Adadi, alendo akhale pa sofa, akweze maso, aone malata ndi mitanda yakuda? Ndi akangaude?"

"Alendowo akubwera kudzaona iwe kapena denga?"

"Aona zonse. Anthu a kumayadi amaona zonse."

Ndinati siling'i ndi nyumba ya makoswe. Ndinati denga likayamba kudontha sudziwa mpaka bolodi litakugwera pamutu. Ndinati ine ndimakonda kumva mvula pamalata. Ndinanena zambiri, zina zoti ndikazikumbukira ndimadzimvera chisoni. Amayi ake anandiyang'ana.

"Inu abambo, matailosi anakugwetsani chagada simunakane chonchi. Siling'i yakulakwirani chiyani?"

Ndinati mutu ukundipweteka, n'kutuluka.

Amene anakulira m'nyumba ya siling'i sangadziwe. M'nyumba zathu za m'malokeshoni, khoma likafika kumwamba limasiya kampata pansi pa malata. Pamenepo ndiye posungira pa bambo wa pakhomo. Malezala, makiyi, mankhwala a makoswe oti ana asawafikire, chilichonse chosafunika lero koma chosayenera kutayidwa chimakwera pamenepo. Pamwamba pa khoma la pabalaza pathu, pakona ya kumadzulo, panali kalata yanga. Inali yosatsegula.

Pofunsira mkazi wanga ndinanama. Iye anali atafika Sitandade 6, mlongo wake anali kalaliki wovala tayi, ine ndinali wosenza simenti wosadziwa ngakhale chilembo chimodzi. Ndinati sukulu ndinalekera Sitandade 5. Kutchalitchi ndinkatsegula buku la nyimbo n'kumaimba za pamtima. Masiku amenewo ife tinalibe bokosi la kupositi, ndiye makalata a abale onse ankadzera pa bokosi la ku ofesi ya alamu. Madzulo ena alamuwo anafika pa njinga, mkazi wanga atapita kumpopi, n'kundipatsa envulopu m'manja.

"Yanu iyi, alamu. Ya kumudzi."

Anaima pang'ono, phazi limodzi pansi, ngati akudikira kuti nditsegule timve za kumudziko. Ndinati ndiwerenga ndikasamba. Anapalasa njinga n'kumapita.

Ndinaikulunga m'pepala la pulasitiki la shuga, ndinakwera patebulo, ndinaiika pamwamba pa khoma. Maganizo anga anali oti Loweruka ndikapeze munthu wosandidziwa kumsika andiwerengere. Loweruka kunali ovataimu. Loweruka linalo ndinadziuza kuti makalata a kumudzi ndi opempha feteleza basi, palibe chothamangira. Zengerezu analinda kwawukwawu. Sabata yachitatu mnansi anabwera akuthamanga kudzandiuza kuti dzina langa latchulidwa pa wailesi, pa mauthenga a maliro. Amayi anga anali atamwalira. Ndinafika ku Chiradzulu ataikidwa kale.

Mlongo wanga anandifunsa pamaso pa anthu, tili pamphasa.

"Achimwene, tinakulemberani. Amayi anakudikirani masabata atatu. Akamva galimoto kumsewu ankadzutsa mutu. Bwanji simunabwere?"

Yankho linatuluka mwachangu, ngati linali litakhala kale pa lilime kudikira.

"Kalata yake iti? Ine sindinalandire kalata."

Iye anati anatumiza kudzera kwa alamu, monga mwa nthawi zonse. Mkazi wanga anali pomwepo, akumva.

Titabwerera ku Lilongwe mkazi wanga anapita kwa mlongo wake. Ine sindinapite nawo. Ndinangomva kuti alamu analumbira kuti anandipatsa m'manja, ndipo mkazi wanga anawayankha kuti mwamuna wake sangabise kalata ya mayi ake omubala, kuti iwo ndiwo anaitaya ndipo akuopa kuvomera. Alamu anati sadzapondanso pakhomo pamene amatchedwa abodza. Mawu awo anawasunga. Munthu amene uja sanama, ndipo ndi zimenezo zinamupweteketsa.

Patapita zaka ndinalowa sukulu ya kwacha, mwamuna mmodzi pakati pa amayi okhaokha, maondo osakwana pa benchi. Kunyumba ndinati ndikungofuna kukumbutsira. Mumtima ndinkati ndikadziwa kuwerenga ndidzaitsitsa. Ndinadziwadi. Ndinawerenga Baibulo mpaka kumapeto, ndinawerenga zikwangwani za m'misewu, ndinawerenga ngakhale nyuzipepala zokulungira usipa. Kalata ija sindinaikhudze. Kuitaya sindikanatha, poti munali mawu otsiriza a amayi. Kuitsegula sindikanathanso. Ndikakhala pa ndalema n'kukweza maso pakona paja, ndinkadziwa kuti ilipo, basi.

Nditaona kuti za siling'i ndagonja, ndinati ndiitsitse ndekha mmisiri asanabwere. Apa m'pamene ndinazindikira kuti m'nyumba yanga yokongolayo munalibenso chokwerapo. Tebulo linali kwa mayi wa tomato. Katebulo kagalasi kakanandimeza mwendo. Ndinayesa kuponda m'mphepete mwa sofa, ndodo ya tsache m'manja. Pulasitiki inalira, mkazi wanga n'kutulukira kuchokera kukhitchini.

"Mukutani pa sofa ya mwana?"

"Akangaude."

"Zaka zonsezi, akangaude mwawaona lero? Tsikani musanathyole chiuno chinacho."

Ndinatsika. Ndinati mawa. Munthu sasintha.

Mmisiri tinapangana naye Lolemba, koma anatulukira Lachinayi la sabata yam'mbuyo, akuti ntchito ina yamuthera msanga. Anali bambo wa ku Mangochi wokhala ku Mchesi, wa kachipewa koyera, pensulo kukhutu, wotha kulankhula misomali ili kukamwa. Siling'iyo inali ya pabalaza pokha. Kuchipinda alendo safikako, ndiye makoswe ndi fumbi zinaloledwa kupitiriza kutigwera ife eni nyumba. Mwana anali atatenga tchuthi kuntchito kuti aziyang'anira.

M'mawa wonse mmisiri anakhala akudula matabwa panja. Makwerero ake anali atatsamira pakhonde. Ndinawazungulira kawiri.

"Amisiri, tandibwerekani makwererowa pang'ono."

"Pa matailosi awa, madala? Mukagwa adzati ndakuphani ndine. Mukufuna chiyani kumwambako? Nenani ndikutsitsireni."

"Palibe. Ndimafuna ndione ngati malata sanachite dzimbiri."

Anachotsa msomali kukamwa n'kundiyang'ana ndi diso limodzi.

"Madala, ine pa ntchito yanga ndili ndi lamulo limodzi. Sindikhomerera katundu wa munthu m'denga. Ku Biwi ndinatsekera mkulu wina kanthu kake kosoka m'chikopa, ine osadziwa. Patatha sabata anandipeza kunyumba ndisanasukusule, akuti kaphwasule, bizinesi yanga yaima. Ndinaphwasula siling'i yonse. Chiyambire tsiku limenelo, ndisanakhome thabwa loyamba ndimasesa khoma lonse ndi dzanja langa, chilichonse ndimatsitsira m'beseni. Ndipo beseniro ndimapereka kwa mayi wa pakhomo."

"Bwanji osapereka kwa bambo?"

"Abambo amabisa," anatero, n'kubwezera msomali kukamwa.

Ndinakhala ndikufuna kumuthamangitsa. Munthu wabwera kudzakhoma mabolodi, wasanduka woweruza milandu ya m'mabanja. Koma ndikanati chiyani? Matabwa anali atadulidwa kale, mwana ali pakhonde ndi foni, akuuza mnzake kuti siling'i ikhala yoyera ya timizere.

Masana amayi ake anavala zoyera n'kupita kumsonkhano wa amayi a mpingo, monga ankachitira Lachinayi lililonse. Mtima unakhala pansi pang'ono. Mmisiri anasuntha masofa, anayala masaka pansi pa makwerero, anapempha beseni. Ndinaima pakhomo ndikumva zinthu zikugwera m'chitsulo chimodzichimodzi. Anayambira kum'mawa, monga munthu wofuna kundizunza. Pakona ya kumadzulo anafikapo pomaliza.

Anatsika, beseni m'manja, n'kuyang'ana uku ndi uku.

"Amayi ali kuti?"

"Bweretsani kuno, amisiri," ndinatero.

"Lero mayi ndine," anatero mwana wanga, n'kulanda beseniro akuseka.

Anakhala pakhonde n'kuyamba kutola chimodzichimodzi ndi zala ziwiri, mphuno atakwinya. Malezala adzimbiri. Kiyi wa loko imene inatayika iye asanabadwe. Makhadi akale a chipani, omangidwa ndi mphira. Buluzi wouma. Khadi lake la kusikelo, limene amayi ake analifunafuna mpaka kulira. Botolo la mankhwala a chifuwa.

"Adadi, mwaona? Zinyalala zonsezi zinali pamutu pathu! Ndiye mumakana siling'i chifukwa cha buluzi ameneyu?"

Kenaka anatola pepala la shuga lija. Linali litauma moti linangothetheka m'manja mwake. Envulopu inali yofiirira, makoswe atadya pakona imodzi.

"Iii, amisiri, taonani! Kalata yachibwenzi! Adadi, ndikawauza amami."

Anapukuta fumbi ndi chala n'kuyamba kuwerenga mokweza, ndi mawu a munthu wolengeza pa wailesi. Anawerenga dzina langa. Mzere wachiwiri unali woti kudzera kwa malume wake, ndi nambala ya bokosi la ku ofesi kwawo. Pamenepo mawu anamuthera. Nkhani ya kalata yotayika ankaidziwa kuyambira ali mwana, monga mmene ana amadziwira chifukwa chimene sapitira kunyumba inayake. Anayang'ana sitampa. Anatembenuza envulopu n'kuona kuti ndi yomata. Mmisiri anakhosomola n'kubwerera m'nyumba.

"Adadi, iyi ndi ija?"

Anaitembenuzanso envulopuyo.

"Simunaitsegule n'komwe."

Ndinayang'ana mapatapata anga. Ndinadikira kuti akalipe, poti pakamwa pake sipanapumepo chiyambire za penti. Sanakalipe. Anaimirira, anandiikira envulopuyo m'thumba la malaya ndi dzanja lake, n'kusindikiza pang'ono.

"Amami abwera faifi koloko. Ine sindiwauza. Koma inu mwaona kuti ndaona."

Analowa kuchipinda kwake n'kutseka chitseko.

Chimene ndinachita kenaka ndi chimene chimandivuta kwambiri kulemba. Ndinalowa pabalaza. Mmisiri anali pamakwerero akukhoma thabwa loyamba. Ndinagwira makwererowo ngati ndikumuthandiza, n'kunong'ona.

"Amisiri, kapepala aka kabwerere pamene kanali. Mukhomerere. Ndine mwini nyumba, ndalola ndine."

Sanatsike. Anandiyang'ana kuchokera kumwambako, hamala m'manja.

"Madala, ndinu akulu kwa ine, mundikhululukire. Ine ndimatseka denga. Sinditseka milandu."

Anapitiriza kukhoma. Ndinaima pamenepo, pa matailosi oyera, pakati pa masofa ovala pulasitiki, ndipo ndinapsa mtima ndi aliyense: mmisiri ndi lamulo lake, mwana ndi mafilimu ake, mnyamata wa kumayadi, ndi amene anayambitsa zoti nyumba izikhala ndi denga lachiwiri pansi pa denga. Mkwiyo utatha kuzungulira onsewo unasowa kolowera, unabwerera kwa mwini wake.

Ndinapita kuseri, pansi pa mpapaya, kumene anathamangitsira ndalema wanga. Ndinakhala. Ndinatsegula envulopu ndi kamtengo ka machesi kuti ndisang'ambe za m'kati. Linali tsamba limodzi la m'kope la kusukulu, lolembedwa ndi dzanja la mlongo wanga, zilembo zikuluzikulu zotsamira kumanzere. Ndinaika chala pansi pa liwu loyamba, monga anatiphunzitsira ku sukulu ya kwacha.

Anayamba ndi moni. Anati onse ali bwino kupatula amayi, miyendo yatupa ndipo sakudya. Akuti mubwere. Akuti musavutike ndi kugula kanthu, ngakhale shuga, mubwere chimanjamanja, akungofuna akuoneni. Za feteleza munalibe. Pansi penipeni, atatha kulemba dzina lake, anawonjezera mzere wina wopanikizana, poti pepala linali litatha:

"Inu amene mukuwawerengera achimwene kalatayi, chonde muwerenge kawiri. Iwo amachita manyazi kufunsa."

Ndinawerenga kawiri.

Kutsogolo hamala inkalirabe. Dzuwa litapendeka ndinamva mkazi wanga akulowa, akuyamikira mmisiri kuti matabwa awongoka bwino, akusekerera khadi la kusikelo limene analipeza m'beseni. Anabwera kuseri kudzatenga mbale pathandala.

"Mwakhala kuno tsiku lonse? Mukadanyanyalabe za siling'i?"

"Ayi."

"Ikhala bwino, muona. Mudzaikonda."

Ndinati inde. Pakamwa panatseguka kuti ndipitirize, koma iwo anali atatembenuka kale ndi mbale zawo. Tsiku limenelo mwana sanadye nafe. Anati m'mimba.

M'mawa mwake ndinadzuka mmisiri asanafike. Ndinameta ndevu, ndinavala jekete la kutchalitchi ndi nsapato. Mkazi wanga anali kuseri akukoleza mbaula ya tiyi. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Maliro ali kuti?"

Ndinatulutsa envulopu n'kuwapatsa ndi manja awiri.

"Achimwene anu sananame."

Anapukuta manja pachitenje. Anawerenga kunja kwake, anawerenga za m'kati, ali chiimire, utsi wa mbaula ukuwalowa m'maso koma osasuntha. Atamaliza anapinda pepalalo m'mizere yake yakale, analibwezera mu envulopu.

"Tsiku limene munayamba sukulu ya kwacha ndinafuna kukufunsani," anatero. "Ndinaopa yankho."

"Mayi, ine..."

"Musandiuze ine. Ine muli nane pano, mudzandiuza mpaka mudzatope. Amene ndinamutcha wabodza ali ku 25. Pokwerera minibasi mukupadziwa."

Anandibwezera kalatayo, anagwada, n'kuyamba kukupiza moto ndi chivundikiro cha poto, mwamphamvu kuposa mmene mbaulayo inkafunira.

Ndinadutsa pabalaza chammbali, pakati pa masofa. Kumwamba matabwa anali atayalidwa kale m'mabokosimabokosi, kudikira mabolodi. Chitseko cha mwana chinali chotsegula pang'ono. Pageti ndinakumana ndi mmisiri akutsika panjinga. Anaona jekete, anaona thumba la malaya.

"Muyende bwino, madala."

Ndinakwera minibasi yopita kudepoti, ndinakwera ina ya ku Area 25. Nyumbayo ndinachita kufunsa kawiri, poti kumene ndinkakumbukira kuti kunali tchire kunali mipanda ya njerwa yokhayokha. Ndinawapeza alamu pakhonde, atakalamba kuposa mmene ndinkaganizira, magalasi pamphuno, akusoka lamba wa nsapato. Ndinaima panja pa geti. Ndinavula chipewa, ndinatulutsa envulopu kuti aione ndisanalankhule, ndipo ndinati, "Odi."